Funsani Anti: buku ndilibe, tulo sindikugona

Anti,
Ndine mtsikana wa zaka 19, ndili chaka choyamba pa koleji ina muno mu Blantyre ndipo ndimachita lendi ku Chitawira ndi mnzanga. Buku limene aphunzitsi akuti tiziwerenga ndi lodula heve, loni ikabwera imangothera lendi ndi ufa, ndikapita ku laibulale ndimapeza anzanga atenga kale. Usiku magetsi akazima ndimangokhala phee kuganiza, tulo osabwera, mayeso ayandikira ndipo pena ndimaona ngati bola ndingosiya ndibwerere kumudzi. Ndithandizeni.
Wodandaula, Chitawira

Mwana wanga,
Sukulu usasiye chifukwa cha buku limodzi, ayi ndithu. Ndikufunse kaye, unayamba walankhulapo ndi munthu amene amakhala pa desiki ku laibulaleko? Chifukwa ana ambiri mumangolowa, kusuzumira pa shelefu, kuona palibe, basi kutuluka nkhope ili gwaa, pamene anthu aja ntchito imeneyi anachita kuiphunzira, ena mpaka ku Mzuni komwe kuli kosi ya za laibulale, ndipo akudziwa pamene pali chilichonse. Mabuku amene kalasi yonse ikuwalimbirana kawirikawiri sakhala pa shelefu, amasungidwa kuseri kwa desiki pa short loan, umapereka ID yako, kuwerenga maola angapo pompo, kubweza. Ukafunse zimenezo, ufunsenso ma past paper a kosi yako.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi chakuti chuma chambiri cha laibulale masiku ano chili pa intaneti ndipo ana sakuchigwiritsa ntchito. Malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wotchedwa MALICO, amasonkha ndalama kuti ophunzira aziwerenga majenolo ndi mabuku a pa intaneti amene munthu payekha sangakwanitse kugula. Palinso Research4Life, pulogalamu ya pa intaneti ya majenolo ndi mabuku a kafukufuku, Malawi ili m'gulu la mayiko amene amawerenga ulere, mkati mwake muli Hinari ya za umoyo imene WHO inayambitsa mu 2002, ndi AGORA ya za ulimi. Kaya uli ku MUBAS ku Chichiri, kaya ku KUHeS pafupi ndi Queens, kaya koleji ina, ukafunse a laibulale kuti pa koleji panu zilipo ziti ndipo munthu amalowa bwanji, akuonetse pa kompyuta iwe ukuona, ulembe. Komanso fufuza OpenStax, kuli mabuku athunthu a masamu, physics, biology, economics ndi accounting aulere, ambiri ndi a chaka choyamba ngati iweyo. Mwina silikhala buku lomwe lija aphunzitsi anatchula koma mitu yake ndi yomweyo.

Ndiye upange chonchi, masana uli pa Wi-Fi ya sukulu dawunilodi ma PDF onse amene ukufuna, bando yako usaiwonongere zimenezi, tchaja foni idzadze usanatuluke, ukafika ku Chitawira magetsi kulibe uwerenga pa foni popanda data. Ukachedwa ku laibulale mpaka mdima, chonde usayende wekha, muzidikirana ndi anzanu a njira imodzi. Tsiku limene pa sukulu padzadza, National Library ilinso ndi nthambi yake mtauni.

Tsopano za tulozi, apa ndiye ndikufuna undimvetsetse. Munthu kumangokhala maso usiku, mtima uli m'mwamba, kuyamba kuganiza zosiya zonse, si ulesi ndipo si kuti ndiwe wofooka, ndi nkhawa yakuchulukira ndipo ili ndi thandizo lake. Pita ku ofesi ya Dean of Students, ntchito yawo ndi imeneyi, za malo ogona, za fizi, za mavuto a ophunzira, ndipo ndi amene amadziwa ngati pali bursary kapena anthu akufuna kwabwino amene akuthandiza ana osowa, koma sangadziwe za iwe ngati sunapite kukadzionetsa. Uwauze momwe wandiuzira inemu, osabisa, ndipo upemphe akulumikizitse ndi mlangizi kapena a ku kiliniki ya pa sukulu. Ndikudziwa timachita manyazi, timati anthu aziti bwanji, koma mlangizi nkhani yako saitulutsa panja. Ngati maganizo afika poipa mpaka kuganiza zodzivulaza, usadikire kuti kuche kawiri, uza mnzako wa m'nyumbayo akuperekeze ku chipatala, ku Queens kuli madokotala a matenda a maganizo.

Mnzakoyo muzidyera limodzi, muzisonkha za ndiwo ndi makala, ndalama imachedwa kutha kusiyana ndi aliyense kuphika poto wake. Upezenso anzako awiri atatu a m'kalasi, wina akagwira buku lija pa short loan mukhale pamodzi muwerenge. Ndipo amayi kumudzi uwaimbire, usamangowauza kuti zonse zili bwino.

Lolemba m'mawa lemba dzina la buku ndi la kosi pa kapepala ukapereke pa desiki ya laibulale, ukachoka apo ukagogode kwa a Dean. Mayeso akatha undilemberenso ndimve kuti zayenda bwanji.
Anti