Mupite ku Zomba, achimwene

Imelo yomwe ndalandira sabata ino yandisowetsa tulo. Achimwene ena amene anamaliza ku Chancellor College mu 1999 akuti anzawo akukonza mkumano ku Zomba, ndipo pagulu lawo la WhatsApp aliyense akulengeza pomwe wafika: uyu ndi bwana kubanki, uyu mwana wake wavala gauni ku London. Iwo akadali mphunzitsi pasekondale yoyendera, nyumba ndi yalendi. Akufunsa ngati apite kapena angokhala.

Achimwene, mwandiponda pachilonda. Ine ndinachoka ku Chirunga, kukoleji komweko, mu 1995. Tinali pomwepo pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, tinavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo tinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko latsopanoli likudikira ife. Tsiku lolandira digiri mu Great Hall mayi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu atavala chitenje chatsopano chosachapa, chikadali chokhakhala. Dzina langa litatchulidwa anaimba nthungululu mpaka anthu kucheuka. Tili panja anagwira pepala lija ndi manja awiri, ngakhale sankatha kuwerenga, n'kunena kuti, "Mwanawe, azing'ono ako ndakusiyira."

Ntchito ndinaipeza ku Blantyre, pakampani ina. Patatha zaka zisanu ndi zitatu kampaniyo inagulitsidwa, ndipo Lachisanu lina masana tinapatsidwa makalata. Zaka zitatu zotsatira pakhomo pankayenda ndi malipiro a mayi a kunyumba, ine ndikugulitsa kaunjika ku Limbe. Tsiku lina mu Victoria Avenue ndinaona mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi kukoleji akutsika m'galimoto yakuntchito, tayi ili pakhosi. Ndinawoloka msewu kuti asandione. Nsapato yanga inali itang'ambika kutsogolo, n'chifukwa chake basi. Chaka chisanathe ndinamva kuti anamuika kwawo. Mpaka lero msewu umenewo ndikaudutsa mtima umandiwawa, chifukwa ndinamumana moni munthu amene tinkagawana sopo.

Ndipo si iye yekha. Amene tinaphunzira m'zaka zimenezo tikudziwa kuti mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, pomwe anzathu ambiri anali atapita kale. Tengani chithunzi cha kalasi yanu, muwerenge nkhope. Anthu anzeru zoopsa, ena sanafike ngakhale zaka 35. Tsono ndikaona pagulu anthu akungondandalika maudindo, wina osatchulako ngakhale dzina limodzi la amene anatisiya, ndimakwiya. Ndikunena mosabisa: mndandanda woterewu ndi wabodza. Zolembedwazo n'zoona, koma zosiyidwazo n'zochuluka kuposa.

Palibe amalemba kuti banja linatha. Palibe amalemba za ngongole yakubanki, kapena za nyumba yomwe inaima pawindo chikhalire ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti n'kukwera mtengo. Ndipo palibe amalemba chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse, chomwe ndi fizi. Kwathu kuno digiri ya mwana woyamba kufika kuyunivesite imakhala ya mtundu wonse. Ine ndinaphunzitsa azing'ono anga atatu ndi ana awiri a malemu achemwali anga. Ndalama imene ikanagula malata inapita kumeneko. Sindikudziwani, achimwene, koma ndikukhulupirira kuti mukakhala pansi n'kuwerenga, mupeza kuti nyumba yanu inamangidwa kale m'mitu ya abale anu. Nanga ana amene adutsa m'manja mwanu chiyambire 1999? Ena ndi anamwino, ena ndi aphunzitsi anzanu, ndipo mukakumana nawo m'minibasi amakulipirirani.

Ngakhale yunivesite yathuyo, University of Malawi, ndi makoleji ake zinasintha. Bunda inachoka n'kukhala LUANAR, mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, dzina loti Chancellor College nalo linachoka pachikwangwani. Ndinapitako chaka chatha, ndinaima pafupi ndi laibulale, ana akundidutsa osadziwa kuti nanenso ndinathamangirapo mabuku pamenepo. Phiri lokha ndi limene ndinalipeza mmene ndinalisiyira.

Za ana athu

Apa ndiye pandipweteka kwambiri, chifukwa mpikisano uja tsopano tausamutsira kwa ana. Mwana wanga woyamba ali ndi digiri, zaka zitatu tsopano akuyenda ndi envelopu m'maofesi. Wina akaponya chithunzi cha mwana wake ali kunja ndimamuyamikira, koma sindilola kuti wanga amve ngati wandichititsa manyazi. Ndinamuuza nkhani ya kaunjika ija yonse, ndi ya nsapato yomwe.

Tsono pitani. Ngati chosonkha chakukulirani, muimbireni msungichuma pambali, mumuuze zomwe mungathe. Mudzadabwa kuti simuli nokha. Akakufunsani zomwe mukuchita, nenani kuti ndinu mphunzitsi, mutchule ndi sukulu yake, osatsitsa mawu. Ndipo mupemphe kuti chakudya chisanayambe wina aimirire awerenge maina a anzanu amene anamwalira, limodzilimodzi. Pakasowa woimirira, muimirire ndinu. Mukabwerako mundilembere.