Za malata a nyumba ya azakhali

Eee, msuweni, ndamva. Uthenga wako unandipeza m'minibasi, phokoso lokhalokha, ndiye ndinati ndifike kaye kunyumba. Wafunsa kuti malata a nyumba ya azakhali ugule wekha, kapena ungotumiza ndalama kwa alamu ako agule zonse poti denga akukhoma ndi iwowo. Si choncho? Mng'ono wako ali m'gulu momwe muno, ndaona wawerenga, wangokhala chete. Amve nayenso, palibe choipa chimene ndinene.

Koma iwe msuweni, iwe! Munthu woti uli ku Johannesburg komweko umadziwa mtengo wa tomato wa pa Lunzu kuposa ife okhala kuno, lero ukufunsa ine za malata? Ayi. Ndimakudziwa kuyambira ukulirira mkute kwa agogo. Pali china chikukuvuta. Dikira, ndifikako.

Ukuwakumbukira bambo aang'ono, amalume ako a ku Lirangwe aja? Unali mwana, mwina sungakumbuke bwino. Atabwera ku TEBA, kuntchito ya m'migodi ya ku South Africa ija, ulendo womaliza, isanatsekedwe mu 1988 muja, mtima wawo wonse unali pa nyumba ya malata. Munthu aliyense sankamukhulupirira, ngakhale mkazi wawo. Anakwera basi okha mpaka ku Limbe, kukagula malata a mafiti 10… ayi, 8, anali a mafiti 8, chifukwa ndi pomwe panagona nkhani. Njerwa asanaumbe n'komwe. Maziko kulibe, mmisiri sanamufunse, iwo malata afika kale pa ngolo, mudzi wonse kutuluka kudzaona.

Anawasanja kuseri kwa nkhokwe, pansi penipeni, pamwamba n'kuikapo miyala ndi udzu. Madzulo aliwonse akamaliza kudya ankapita ndi nyali, kugwada pakona, n'kumatsegula limodzilimodzi ndi chala chachikulu ngati akuwerenga ndalama. Tsiku lina mayi aang'ono anasololapo limodzi kuti ayanikepo ufa. Aaa! Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe. Ndipo pa maliro aja, ukudziwa amene ndikunena, anthu atabwera kudzabwereka oti amangire chisakasa, anakana pamaso pa amfumu. Mpaka lero a kutsidya aja sanaiwale.

Ndiye mvula inagwa, inapita, inagwanso. Madzi ankalowa pakati pa malatawo osauma, poti anali ophatikizana. Tsiku loti awatulutse, apakati onse atatuwa, kuchita ufa woyera, ukapaka chala chikuyera. Malata osakhomedwa n'komwe ayamba kale kudyeka. Ndiponso nyumba ija pomanga inakula, mayi aang'ono anaumirira pabalaza potakasuka. Kalipentala atabwera kuyeza, akuti apa pofunika a mafiti 12, anuwa ngaafupi. Bambo aang'ono amvekere khoma omwewo, ndagula kale. Munthu uja analumikiza awiriawiri, ndipo polumikiza pamafunika lina ligone pa linzake ndithu, ndiye anaperewera. Chipinda cha kumapeto chija, chomwe tinkagonamo pa tchuthi, anachita kufolera ndi udzu. Mvula yoyamba, madzi ndondondo polumikiza paja, pamwamba pa bedi lawo lenilenilo. Kumuitana kalipentala, iye anangoti, bambo, malata munandipatsa ndinu, ine ndinangokhoma. Ndipo sananame. Bambo aang'ono analibe poyankha, anangosuntha bedi.

Anali munthu wabwino, msuweni, thukuta lawo ankalimvera chisoni, ndipo iwe watengera iwowo. Usakane! Mng'ono wako akuseka uko, ndikudziwa.

Eya. Ndiye kugula wekha kuli ndi mavuto ake. Chikalakwika chilichonse, mmisiri amasamba m'manja. Zikaperewera, ntchito imaima, anyamata ali padenga akudikira, iwe uli ku Mukuru kutumiza ndalama ya misomali kilo imodzi. Thiransipoti ndi yako, lata likapindika pa lole ndi lako.

Koma kumusiyira zonse mmisiri nakonso… sindikunena alamu ako, mumve bwino nonse, ndikunena mmene zimakhalira. Pa pepala amalemba geji 28, padenga pamakwera 32. Paja nambala ikamakwera lata likupyapyala, 28 ndi lochindikala kuposa 30, 30 kuposa 32. Likakhomedwa, uli pansi sungasiyanitse, onse akuwala chimodzimodzi. Umadzadziwa mwana akakwera kukatola mpira, lata n'kubonyoka. Matabwa chimodzimodzi. A paini ouma bwino masiku ano ndi ovuta, Chikangawa si ija ya kale, ndiye ambiri pamsika ndi aawisi. Ukawakhoma aawisi amadzapotoka akamauma, misomali n'kumasuka. Osapaka mankhwala a chiswe, ndiye wachiitana wekha. Ndipo madenga amene amasasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba mu Novembala, kawirikawiri vuto silikhala lata, limakhala loti mitengo ya denga sinamangiriridwe ndi waya kukhoma. Zimenezo ngakhale ugule malata odula bwanji, zili m'manja mwa wokhoma.

Palinso kwacha. Ukukumbukira mu Novembala 2023 atatsitsa mphamvu yake ndi 44 peresenti, mitengo m'mahadiweya inasintha sabata yomweyo. Ndalama ikagona m'thumba mwa munthu mwezi umodzi, malata amene ikanagula achepa, ndipo palibe waba. Koma iwe uli kutali, ukamva kuti ndalama yaperewera, mtima ukuuza chiyani? Ndi pomwe pamayambira kusayankhulana.

Tsono ndifike pa chomwe wafunsa chenicheni. Iwe sukufunsa za malata. Ukufunsa kuti ungawauze bwanji alamu ako kuti ndalama ya katundu sidutsa m'manja mwawo, iwo osamva ngati wawatcha wakuba, mng'ono wako osakhala pakati. Chifukwa nkhani ya feteleza ija inakupweteka, ndipo sunayankhulepo mpaka lero. Ndanama?

Mvera. Alamu ayeze denga, alembe okha papepala: malata angati, a mafiti angati, geji yanji, zipewa za pamsonga zingati, matabwa a saizi yanji, misomali makilo angati, waya, mankhwala a chiswe. Ngati mwasankha a IBR, malata a mizere ya makona aja, amenewo amadula pa muyeso umene mwapereka, ndiye muyesowo uchokere kwa iwo, ndipo amafuna masikuluu a labala aja, osati misomali wamba. Pepalalo alijambule alitumize. Tsiku logula apite iwo, ine ndiwaperekeza, Loweruka ndimakhala ndilibe ntchito. Iwo asankhe, agogode lata, aone chidindo cha geji, akane thabwa lopindika. Iwe ulipire kusitolo komweko, lisiti lilembedwe dzina lako. Akasankha okha sangadzanene kuti munandipatsa ndinu. Ndipo asagule msanga, agule makoma atafika pamwamba, katundu akafika Loweruka, Lolemba akwere.

Koma apa ndiye undimvetse, usathamangitse uthengawu. Mmisiri akamagula yekha katundu amapezapo kangachepe. Kusitolo amamuchotsera poti ndi kasitomala wa masiku onse, zotsala amatenga, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa ntchito amautchula wotsika. Si kuba kumeneko, ndi mmene amadyera. Iwe ukawachotsera pamenepo, uwawonjezere pa lebala. Usanenerere ngati ukugula kaunjika, ndakuona iwe pa msika wa Limbe mpaka wogulitsa anafuna kulira. Awa ndi bambo a ana a mng'ono wako. Afunse mtengo wa ntchito yokha, akatchula, ngati uli wa nzeru, vomera. Theka poyamba, theka mvula ikagwa azakhali atagona osasuntha mphasa… chabwino, mwina osati mpaka mvula, angadandaule, koma pomaliza ntchito, ine nditakwera kukaona kuti misomali yakhomedwa pamwamba pa mzere osati m'ngalande modutsa madzi.

Ndiye uwaimbire wekha. Osalemba, osatuma mng'ono wako, osadutsira kwa azakhali. Uwauze kuti alamu, ndalama ndikutumiza pang'onopang'ono ndipo kwacha sikudikira, ndiye katundu ndizilipira kusitolo, koma wosankha ndinu, ndipo ya ntchito yanu tikambirane payokha. Munthu ukamuuza choncho ndi pakamwa pako amamva kuti wamulemekeza. Akamvera kwa ena, ngakhale mawu akhale omwewo, amamva zina.

Aaa, dikira, ana akulimbana ndi chitseko… eya, ndabwera. Ndimati chiyani? Eee. Kusankha n'kwa alamu, kulipira n'kwako, lebala uwapatse yokwanira, ndipo amve kuchokera kwa iwe lero lomwe, asanamve kuti pagulu pakambidwa za iwo. Mng'ono wake, iwe ukumvetsera apowe, usawauze kaye, mkulu wako aimbe yekha madzulo ano.

Ndipo msuweni, funsanso azakhali za mtundu. Anandiuza pa Khirisimasi kuti akufuna obiriwira ngati a kutchalitchi, iwe usakawagulire ofiira chifukwa ndi omwe ukuwaona ku Joni. Ukamaliza kuimba undiuze, ndione za galimoto yonyamula katundu.