Laputopu yomwe ikuzima yokha

Achimwene, mwati laputopu yanu imayamba ndi phokoso la fani, kenako n'kuzima yokha pakapita mphindi zochepa. Kawirikawiri limeneli si vuto la vairasi ayi, ndi kutentha. Purosesa (CPU, ubongo wa kompyuta) ikatentha kuyandikira madigiri 100 a Celsius, kompyuta imadzizimitsa dala kuti isapse.

Musamaiike pabedi, chifukwa bulangete limatseka timabowo totulukira mpweya. Izimitseni, muzule chaja, muchotse fumbi m'timabowomo ndi kaburashi kofewa. Mudabwa nazo zotuluka mmenemo!

Ikapitirizabe, ngati ndi Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, kuti mutsegule Task Manager (mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito), muone mmenemo pulogalamu imene ikulemetsa CPU, muitseke. Koma zotsegula mkati kukasintha thermal paste (kaphala kopaka pa purosesa kothandiza kuchotsa kutentha), asiyireni odziwa ngati simunachitepo.