Musanamuchotse mwana pa sukulu ya kumudziyo

Mayi, mukuti mwana wanu wamkazi ali Sitandade 4 kwa agogo ake cha ku Nathenje, sukulu yake ndi yaing'ono, ana akucheperachepera, ndipo pa mayeso apitawa palibe ndi mmodzi yemwe anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kumutengera kuno ku tauni. Ambiri akuyankhani kale kuti mutengeni mawa lomwe. Ine ndinagwirapo choko pa sukulu yotereyi ku Lilongwe Rural East, ndiye ndiloleni ndikuchedwetseniko pang'ono.

Zotsatira za MANEB pa sukulu yaing'ono zimapusitsa. Tiyerekeze kuti olemba PSLCE, mayeso a Sitandade 8, alipo 15. Awiri akangogwidwa ndi malungo sabata ya mayeso, peresenti ya okhoza imatsika ngati kuti aphunzitsi anagona chaka chonse. Kwina mumva akuti akhoza onse, osadziwa kuti ahedi anabweza ofooka onse mu Sitandade 7 kuti asawaipitsire mbiri. Izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ena mwa obwezedwawo sitinawaonenso. Komanso kukhoza kwina, kusankhidwa kwina. Malo a ku sekondale zogonera komweko monga Lilongwe Girls kapena Likuni ndi ochepa, olimbirana ndi ochuluka. Ana akumudzi ambiri akasankhidwa amapita ku CDSS, sekondale yoyendera yapafupi, ndiye funsani kuti kumeneko kunapita angati.

Za kuchepa kwa anazo, mukalowe mu ofesi ya ahedi. Pakhoma pamakhala chipepala cha chiwerengero cha kalasi iliyonse, anyamata paokha, atsikana paokha. Chiyambire 1994, pomwe boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale ana oposa miliyoni imodzi n'kukhamukira ku sukulu nthawi imodzi, chipepalacho chimaoneka chimodzimodzi pafupifupi paliponse kumudzi: Sitandade 1 yodzaza mpaka ena pansi pa mtengo, Sitandade 8 ana owerengeka. Amathera m'njira. Januwale ndi Febuluwale kunyumba kulibe ufa, mwana amatsatira amake ku ganyu, mtsinje nawo wadzaza. Fodya akapsa, manja a mwana amafunika posoka ndi posankha. Atsikana amayamba kusowa mu Sitandade 6 ndi 7, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ndipo wobereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Ngati chipepalacho chikuonetsa zimenezi, vutolo ndi la dera lonse. Koma mukapeza kuti Sitandade 1 nayonso ikuphwa, funsani bwino. Mwina atsegula sukulu ina pafupi, mwina phala linasiya, mwina makolo akuthawa china chake chomwe agogo sanakuuzeni.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi kalasi imene mwana wanuyo ali. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 aphunzitsi amaphunzitsa m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro chabe. Akalowa Sitandade 5 zinthu zimatembenuka, masamu, sayansi, zonse m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amabweranso choncho kupatula pepala la Chichewa. Mwana amene wafika pamenepa asakutha kuwerenga bwino amangokopera za pabolodi, n'kumabwereza kalasi mpaka atatopa. Ana ambiri amene timati alephera mu Sitandade 8 anagwera pomwepa.

Ndiye mukapita kumudzi, mutenge buku lake la Chichewa, mutsegule tsamba lomwe sanafikepo, awerenge mokweza, kenako akufotokozereni zomwe wawerengazo. Ndikuti lomwe sanafikepo chifukwa ana athu ndi akatswiri poloweza. M'kalasi amayimba tsamba lonse pamodzi ndi anzawo buku lili chadodolido. Muchite chimodzimodzi ndi la Chingerezi. Muonenso makope ake ngati muli cholembera chofiira cha aphunzitsi, ndi tsiku lomwe anachonga komaliza. Ngati akuwerenga ndi kumva, makope akuchongedwa, sukuluyo ikugwira ntchito, kaya ku boding'i kunapita munthu kaya ayi.

Tauni musayione ngati mankhwala. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma lowani m'sukulu za boma za m'makomboni athu muno, kalasi imodzi kupitirira 100 si nkhani. Mwana wofatsa wochokera kumudzi amakhala kumbuyo, teremu n'kutha mphunzitsi osadziwa dzina lake. Pa kasukulu kakang'onoko mwina mu Sitandade 5 adzakhala ochepa moti akajomba tsiku limodzi aphunzitsi adzafunsa. Za timapulayiveti ta kuseri kwa nyumba, ta aphunzitsi osapita ku TTC, koleji ya zauphunzitsi, ndisayambe n'komwe.

Zilipo zomwe zingandichititse kunena kuti mutengeni. Ngati pa sukulupo palibe nyumba za aphunzitsi, onse amapalasa njinga kuchokera pa Nathenje n'kumafika dzuwa litakwera, mphunzitsi mmodzi akugwira makalasi awiri, a PEA, alangizi oyendera sukulu za m'deralo, osaoneka, mwanayo akutaya nthawi. Chimodzimodzi ngati ulendo wake uli wautali wodutsa m'tchire, poti akukula ndipo ndi mtsikana, kapena ngati agogo afooka moti iye ndiye wotunga madzi, wophika ndi wolera ana a ena.

Mupite tsiku la pakati pa sabata osauza munthu, mufike belu la m'mawa lisanalire, muwerenge aphunzitsi amene ali pa asembule. Mukachoka apo mucheze ndi amayi a Mother Group ndi wapampando wa komiti ya sukulu, muwafunse kuti ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, za chaka chatha anagulira chiyani. Ngati mutsimikize zomusamutsa, dikirani amalize teremu yachitatu, mutenge kalata ya transifa, adzayambe Sitandade 5 pamodzi ndi anzake chaka chikamatsegulidwa.