Mafunso a Owerenga: Akaidi a ku Britain Amene Anatumizidwa ku Australia

Ndinamva kuti azungu oyamba kukhazikika ku Australia anali akaidi. Ndi zoona? Anapalamula chiyani? — Mphunzitsi, Dedza

Ndi zoona, Aphunzitsi. Kuyambira 1788 mpaka 1868 boma la Britain linatumizako akaidi pafupifupi 162,000. Zombo 11 zoyamba zinanyamuka ku Portsmouth pa 13 May 1787 motsogozedwa ndi Arthur Phillip, n'kukakocheza pamene pali Sydney lero pa 26 January 1788. Ambiri anali mbava wamba, oba nsalu, wotchi kapena nkhosa, ndipo ankagamulidwa zaka 7, zaka 14 kapena moyo wonse. Poyamba otere ankapita ku America, koma Amereka atadzilamulira khomo lija linatsekeka, akaidi n'kuyamba kuunjikidwa m'zombo zakutha pamtsinje wa Thames. Tisaiwale kuti kumene ankapitako kunali eni nthaka, Aaborijini, amene analandidwa malo ndipo ambiri a m'dera la Sydney anatha ndi nthomba mu 1789.

Agogo anga amati theka la akaidiwo linkafera panyanja. Chinkawapha n'chiyani? — Mayi wa ku Balaka

Theka ayi, Mayi, koma ulendo umodzi unali woopsa zedi. Pa ulendo woyamba, wa miyezi 8, anafa anthu osakwana 50, chifukwa Phillip ankagula nyama ndi zipatso ku Tenerife, Rio de Janeiro ndi Cape Town. Wachiwiri, wa mu 1790, boma linaupereka kwa kampani yochita malonda a akapolo, ya Camden, Calvert and King, ndipo linkalipira pa mkaidi aliyense wokwera, kaya akafika wamoyo kaya ayi. Apa mpamene panagona vuto. Mkaidi akafa msanga, chakudya chake chinkatsala, eni zombo n'kukachigulitsa ku Sydney. Anthu ankakhala pansi m'chombo, mumdima, atamangidwa maunyolo, madzi akuwalowera. Kamwazi ndi matenda otupitsa nkhama, obwera posowa zipatso ndi masamba, anawagwira. Njala inafika poti wina ankabisa imfa ya mnzake womangidwa naye unyolo umodzi kuti azidya gawo lake, mpaka fungo litaulula. Mwa akaidi pafupifupi 1,000, oposa 250 anafera m'njira. N'zomvetsa chisoni kuti zonsezi zinali zopeweka: boma litayamba kulipira poona ofika amoyo, ndipo kuchokera mu 1815 litaika dokotala wa asilikali apamadzi m'chombo chilichonse, imfa zinachepa kwambiri.

Atafika ankatsekeredwa m'ndende? Nanga ankamasulidwa bwanji? — Wophunzira, Mzuzu

Ambiri sankakhala m'chitolokosi, mwana wathu. Ena ankagwira ntchito za boma, kuumba njerwa, kudula mitengo ndi kulambula misewu; ena ankaperekedwa kwa eni mafamu kuti aziweta nkhosa ndi kulima, bwanayo n'kumawadyetsa ndi kuwaveka. Mu 1788 mwamuna ankalandira pa sabata mapaundi 7 a ufa wa tirigu kapena buledi, mapaundi 7 a nyama ya ng'ombe yamchere kapena 4 a nkhumba, nsawawa zouma ndi batala pang'ono. Mkazi ankalandira magawo awiri mwa atatu a zimenezi. Mu 1790 chakudyachi chinachepetsedwa, mbewu zitakanika m'dothi la mchenga komanso chombo cha Guardian, chobweretsa katundu, chitagunda chimwala cha madzi oundana.

Moyo wa mkaidi unkadalira bwana amene wamupeza. Mwano kapena ulesi, bwana akakasuma kwa woweruza, zinkabweretsa zikoti 25 kapena 50 za mkwapulo wa zingwe 9. Wobwereza milandu ankamutumiza kundende ya Port Arthur, pachilumba cha Tasmania, kapena kuchilumba cha Norfolk Island, kumene nkhanza zinali zosaneneka.

Wosunga mwambo ankapatsidwa chikalata chotchedwa ticket of leave: wa zaka 7 akatha zaka 4, wa zaka 14 akatha 6, wa moyo wonse akatha 8. Ndi chikalatachi ankagwira ntchito yolipidwa, koma osatuluka m'boma limene walembedwa, ndipo ankayenera kuonekera pa kalembera, akaphonya, chinkalandidwa. Zaka zikatha boma silinkalipira ulendo wobwerera, n'chifukwa chake ambiri anakhazikika konko. Mary Reibey, amene anamangidwa adakali mtsikana chifukwa choba hatchi, anadzakhala mayi wamalonda wolemera ku Sydney, ndipo nkhope yake ili pa ndalama ya madola 20 a ku Australia.