Sefa ya kushopu ndi sefa ya kunyumba: yankho kwa mayi wa golosale ku Mponela

Mayi wina wa golosale ku Mponela wandilembera imelo. Akuti mwezi watha akuba anakanganula lata la shopu usiku n'kunyamula kachitini komwe amasungamo ndalama za tsikulo. Kunyumba nako, masatifiketi a ana ndi mapepala a malo amangokhala m'sutikesi kunsi kwa bedi. Akufunsa kuti: "Ndigule sefa yotani, ya kiyi kapena ya manambala? Nanga imodzi ikhoza kukwanira zonse?"

Pepani ndithu ndi zomwe zinakuonekeranizo, Mayi. Ndipo mukapita kokagula mukanene bwinobwino kuti mukufuna sefa ya ndalama, chifukwa mnyamata wa m'hadiweya akhoza kukutulutsirani yosefera ufa.

Tiyambe ndi chomwe ogulitsa sakonda kunena: palibe sefa yosatheka kuthyola. Ntchito yake n'kuchedwetsa wakuba mpaka atope, mlonda adzuke, kapena kunja kuche. N'chifukwa chake amene amayesa masefa amawerenga mphindi. Bungwe la Underwriters Laboratories la ku America likalemba TL-15 kapena TL-30, ndiye kuti akatswiri awo analimbana ndi chitsekocho ndi zida kwa mphindi 15 kapena 30 osachigonjetsa. Ku Ulaya ali ndi muyezo wa EN 1143-1, magiredi ake amayambira pa 0 kumakwera, ndi wina wa masefa opepukirapo, EN 14450, wokhala ndi S1 ndi S2. Tsegulani chitseko muyang'ane kachitsulo kolembedwa zimenezi m'kati mwake. Chithunzi cha malawi a moto pakatoni si umboni.

Tsono imodzi ikwanira? Ine ndikuti ayi, chifukwa adani anu ndi awiri. Kushopu mdani ndi wakuba. Kunyumba, kwa mapepala aja, mdani wamkulu ndi moto ndi madzi. Wakuba satifiketi ya MSCE ya mwana wanu alibe nayo ntchito. Ndipo masefa awiriwa amapangidwa mosiyana. Ya akuba ndi chitsulo chochindikala, koma nyumba ikapsa imasanduka uvuni, mapepala n'kupserera chitseko chili chitsekere. Ya moto imakhala ya malata awiri opyapyala, pakati pake anathirapo zinthu zonga pulasitala zosunga madzi. Kukatentha madziwo amasanduka nthunzi, m'katimo simutentha msanga. Ikalembedwa Class 350 ndiye kuti m'kati simupitirira madigiri 177, pomwe pepala limapirira, kwa nthawi imene alemba: theka la ola, ola, kapena maola awiri. Koma fulashi yanu pa 177 yafa kalekale. Zoterezo zimafuna Class 125, yomwe sipitirira madigiri 52. Sefa ya motoyi munthu wa mgwala amaikanganula asanatuluke n'thukuta lomwe. Zilipo zolimbana ndi zonse ziwiri, koma mtengo wake ungagule katundu wodzaza mashelefu anu.

Apa ndiye mundimvetsere kwambiri. Sefa yosamangirira pansi ndi chimodzimodzi kachitini kanu kaja, kungoti n'kolemera. Anyamata awiri amainyamula, kuikweza pawilibala, n'kukaiswa mosapupuluma kuseri kwa chulu. Ngakhale muyezo wa ku Ulaya uja umafuna kuti sefa iliyonse yosakwana makilogalamu 1,000 ikhale ndi pomangirira. Boolani simenti ya pansi, muikemo mabawuti a konkire odutsa m'kati mwa sefayo. Ngati simentiyo ndi yongopaka pamwamba pa njerwa, monga zilili m'mashopu ambiri a pa tawuni zathu, kumbani dzenje muthire konkire yeniyeni, muidikire iume. Khoma lomangira dothi musalidalire, bawuti imazuka ngati chinangwa cha m'dambo. Sefayo iikeni pakona, mbali yotsegukira chitseko igunde khoma, kuti wa mgwala asowe poponda ndi pokankhira. Woboolayo akhale m'bale amene mumamukhulupirira, ntchitoyo igwiridwe shopu itatsekedwa, ndipo katoni ya sefayo musaitaye kudzala la kuseri komwe aliyense aiwerenge.

Za kiyi ndi manambala ndili nako kamnyozo kanga. Ndinagula ya manambala, ya mabatire anayi aang'ono aja. Inabwera ndi makiyi awiri otsegulira mabatire akatha. Mwa nzeru zanga ndinati makiyi ofunika chonchi malo ake ndi otetezeka, n'kuwaponya m'sefa momwemo. Patapita chaka ndi miyezi, m'mawa wa tsiku loti ndikwere basi ya ku Johannesburg, ndinadina manambala, kanyale kofiira n'kungophethira kamodzi, zii. Pasipoti m'kati. Anandipulumutsa ndi mnyamata wowotcherera wa pamsika ndi gilayinda yake, ndipo chomwe chinandiwawa si ulendo wolepherekawo ayi, koma kuona kuti pamphindi zosakwana zisanu sefa yanga inali yasamu. Timasefa totchipa tonga ta m'zipinda za m'mahotela timaletsa ana ndi alendo a manja ataliatali basi.

Choncho ya manambala si yoipa, ndipo kuzima kwa magetsi sikuikhudza. Ubwino wake, wantchito akasiya mumangosintha nambala tsiku lomwelo. Koma mabatire muzisintha chaka chilichonse asanafe, makiyi aja akagone nyumba ina, ndipo nambala isakhale chaka chomwe munabadwa kapena mapeto a nambala ya foni yanu. Ya kiyi ndi yosavuta, koma kiyi amatayika, amasulidwanso wina. Kwa inu a golosale ndingakonde yokhala ndi kampata koponyera ndalama pamwamba: mtsikana wa pakauntala amangoponyamo ma K5,000 zikachuluka m'dirowa, koma kutsegula sangathe. Ngati bizinesi muli awiri, onerani kwa amayi a banki mkhonde, omwe bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, wosunga bokosi n'kukhala wachinayi. Sefa yofuna kiyi ndi nambala pamodzi imagwira ntchito yomweyo, wina kiyi, wina nambala.

Musaisandutse banki. Amene anali ndi mipukutu m'nyumba mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaberedwa chitseko chili chokhoma. M'sefa muzigona ya tchenji ndi yokaodera mawa; yotsalayo ipite ku Mpamba, Airtel Money kapena kubanki dzuwa lisanalowe, ndipo musamapite ola limodzimodzi tsiku lililonse. Achifwamba akakupezani ndi zikwanje, tsegulani, musalimbane nawo.

Ya kunyumba ija, kabokosi ka moto kokwana mapepala osapinda n'kokwanira, koma samalani chinyontho. Zothira m'makoma zija zimatulutsa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo dzinja likafika mukhoza kupeza mapepala a malo achita chuku, masitepulo adya dzimbiri. Pepala lililonse lilowe m'pulasitiki yotseka bwino, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano, ndipo muzitsegula kamodzi pamwezi kuti mupite mphepo. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi zonse zam'kati, ndiye jambulani pepala lililonse pafoni mudzitumizire pa imelo yomwe mwandilemberayi. Kenaka uzani munthu mmodzi wamkulu m'banja komwe kuli kiyi wachiwiri, kuti tsiku lomwe mwagonekedwa kuchipatala ana asadzaitane wa gilayinda.