Chokoleti chosathira shuga: kodi muli phindu?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chilomoni mu Blantyre. Mayi anga anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo chimene ankachisowa kwambiri ndi kanthu kotsekemera komwera tiyi. Ndinayamba kuwapangira timibulu ta chokoleti ndi ufa wa koko, mafuta a kokonati ndi zotsekemeretsa zotchedwa erythritol zimene mchemwali wanga amanditumizira kuchokera ku Johannesburg. Anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi atalawa akuti ndiyambe kugulitsa. Ndili ndi K300,000 imene ndinalandira titagawana ku banki m'khonde. Ndikufuna ndikongole ina yofanana nayo kuti ndigule firiji yachiwiri ndi zikombole, ndipo pa paketi ndilembe kuti "chopanda shuga, chabwino kwa odwala shuga". Kodi muli phindu?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kuwaganizira mayi anu motero. Munthu akauzidwa kuchipatala kuti achepetse shuga, abale ambiri amangomuchotsera zinthu pa tebulo osamupezera china. Pa funso lanulo, phindu likhoza kupezeka, koma ngongole musatenge, firiji iyambe yadikira, ndipo mawu a pa paketiwo asinthidwe.

Tiyambe ndi zimene mchemwali wanu amatumiza. Simunanene ngati mumamubwezera ndalama, ndipo ndikuganiza kuti erythritol ameneyu amabwera ngati mphatso, m'chikwama chimodzi ndi nsapato za ana. Kwa mayi anu zili bwino. Pa bizinesi ndi pomwe pamagwera anthu, chifukwa chinthu chodula kwambiri m'chokoleti chanu sichikuoneka m'kope. Mudzagulitsa miyezi ingapo mukuona ngati zikuyenda, ndipo tsiku limene mchemwali adzanene kuti kumeneko zinthu zathina, mudzazindikira kuti chimene mumachitcha phindu linali thukuta lake. Mufunseni mtengo wa kilogalamu imodzi mu rand, muwonjezere ya basi ndi msonkho wa pa chipata cha Mwanza, musinthe mu kwacha pa mtengo umene inuyo mungapezere rand, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilembedwe.

Koko nayenso ndi wakunja. Koko woposa theka wa dziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana. Nyengo itavuta kumeneko ndi matenda atagwira mitengo, mtengo wake pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani mu 2024, pomwe mu 2022 unali pafupifupi madola 2,500. Unadzatsikako pambuyo pake, koma wogula m'golosale sanamve kutsikako msanga. Kuno kwathu panawonjezekera kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho mtengo wa katundu wanu uzichokera pa ndalama imene mudzagulire paketi yotsatira ya koko. Mukawerengera imene munagulira yatha ija, mpamba umachepa mwakachetechete, ndipo mumadzangoona kuti ndalama ya malonda onse siikukwananso kuoda.

Nchifukwa chake ndikuti musinthe kapangidwe. Gawo lalikulu la kambulu likhale la kwathu konkuno, koko angopereka fungo ndi mtundu. Mtedza tili nawo wochuluka wa ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, ndipo macadamia amalimidwa pafupi nanu ku Thyolo ndi Mulanje. Zonse ziwiri zili ndi mafuta ambiri, sitalichi wochepa, zomwe ndi zimene makasitomala anu akufuna. Yesani muyezo uwu: magalamu 200 a chiponde chosathira shuga, 40 a ufa wa koko, 50 a erythritol, 30 a mafuta a kokonati ndi kamchere pang'ono. Zimenezi zimatulutsa timibulu 20 ta magalamu 16. Mukakagubuduza mu mtedza wokazinga wosinja mosalalitsa, kamaoneka bwino ndipo sikamata m'manja. Macadamia, poti ndi wodula, asungidwe wa mabokosi a mphatso.

Chiponde chipangeni nokha, chifukwa zambiri za m'masitolo amathiramo shuga. Apa ndi pofunika maso. Thirani mtedza m'lichero masana kukuwala, muchotse njere iliyonse yofota, yosweka, yakuda kapena ya nkhungu. Chuku, poizoni wochokera ku nkhungu ya mu mtedza, sachoka ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi. Musagule nsinjiro zosinja kale pamsika, chifukwa simudziwa mtedza umene unalowa mu mtondo. Munthu amene akukulipirani ndalama zambiri pofuna kusamala thanzi lake sayenera kudya chuku kuchokera m'manja mwanu.

Zina ziwiri za kukhitchini zimene zimataya ndalama. Erythritol sasungunuka m'mafuta, ndiye mukamuthira mmene amabwerera, chokoleti chimamveka ngati mchenga m'mano. Mupereni kaye m'blenda mpaka akhale ufa wosalala. Kutsekemera kwake ndi pafupifupi magawo 7 pa 10 a shuga wamba ndipo amasiya kuzizira pa lilime, choncho ena amawonjezera kadontho ka chotsekemeretsa china chotchedwa stevia, koma stevia akachuluka amawawa. Chachiwiri ndi madzi. Ngati mukusungunula chokoleti chakuda chokutira timibulu, mbale ndi supuni zikhale zouma gwa. Dontho limodzi la madzi limachititsa kuti chonse chigwirane nkukhala chibuma, ndipo K10,000 yapita pomwepo.

Tsopano tiwerengere. Manambala awa ndi ongosonyezera kawerengedwe, inu muikemo mitengo yanu ya sabata ino. Tinene kuti zosakaniza za timibulu 20 zakudyerani K12,000. Mabokosi ndi masitika K3,000, magetsi kapena gasi K1,000, kabaza wokapereka K2,000, bandulo K500, ndipo maola awiri anu muwalipire K3,500. Zonse pamodzi ndi K22,000. Mwa timibulu 20, tiwiri taphwanyika kapena talawidwa, ndiye togulitsa ndi 18. Kamodzi kakudyerani K1,222. Mukagulitsa bokosi la timibulu 6 pa K10,000, mabokosi atatu akupatsani K30,000, phindu K8,000 pa mphika umodzi. Ngati gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi, ngongole ya K300,000 ikufuna K60,000 mwezi uliwonse. Ndiye kuti miphika 8, mabokosi 24, mukugwirira gulu musanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo, nthawi yomweyo mukukonza mayeso a ana a sukulu usiku.

Funso lenileni ndi lakuti, mwa anzanu amene analawa aja, ndi angati angatulutse K10,000 pa timibulu 6, nkudzabweranso sabata ziwiri zikatha? Kulawa kwaulere aliyense amayamikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Odwala shuga ambiri m'dziko muno ali kale ndi mtolo wa mankhwala ndi wa mayendedwe a kuchipatala, ndipo katundu wa mtengo uwu sangamukwanitse pafupipafupi. Amene angagule ndi a m'maofesi a m'tauni amene akuchepetsa thupi, opita ku jimu, amene ali ku South Africa anazolowera zakudya za banting, zochepetsa sitalichi ndi shuga, ana ogulira makolo mphatso, ndi okonza maukwati ndi zikondwerero amene amafuna tebulo laling'ono la alendo osadya shuga. Ndi anthu ochepa, koma akakhulupirira munthu sasinthasintha.

Pa nkhani ya firiji, vuto lanu lalikulu ndi kutentha. Mafuta a kokonati amasungunuka pa madigiri 24, ndipo masana a Okutobala ku Blantyre amadutsa pamenepo kutali. Mafuta a koko enieni amapirira mpaka pafupifupi madigiri 34, koma ndi odula ndiponso osowa. Firiji yachiwiri siyithetsa vutoli, chifukwa magetsi akazima zonse ziwiri zimazima, ndipo kasitomala akatenga bokosi amakwera nalo minibasi. Chepetsani mafuta a kokonati m'miyezi yotentha, muwonjezere nsinjiro za mtedza wokazinga kapena kokonati wouma wosathira shuga kuti kambulu kalimbe. Ndipo pangani za oda zokhazokha. Landirani maoda pa WhatsApp mpaka Lachitatu, theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mupange Lachinayi madzulo, mupereke Lachisanu m'mawa m'kabokosi kosunga kuzizira kokhala ndi mabotolo a madzi oundana. Mukatero shelefu imodzi ya firiji yomwe muli nayo ikukwanira, ndipo mulibe katundu wogona.

Ndifike pa mawu a pa paketi, omwe ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa zonse. Malangizo a Codex Alimentarius, amene mayiko ambiri amatsatira polemba malamulo a zakudya, amati chakudya chitchedwe chopanda shuga ngati shuga wake sapitirira theka la galamu pa magalamu 100. Mtedza pawokha uli ndi shuga wachilengedwe wa magalamu 4 kapena kuposerapo pa 100, ndiye timibulu tanu tadutsa kale malirewo. Chimene mungalembe moona ndi chakuti "chosathira shuga", kenako mndandanda wa zonse zimene zilimo, kulemera kwake, tsiku lopangira, tsiku lothera, chenjezo lakuti muli mtedza, ndi nambala yanu. Musamalenso ndi shuga wolowa mobisala. Mkaka wa ufa uli ndi shuga wa mumkaka wopitirira gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwake. Chokoleti cha ufa chomwera tiyi chimakhala ndi shuga wambiri, nchosiyana ndi ufa wa koko weniweni umene umawawa. Uchi nawonso ndi shuga, ngakhale uli wachilengedwe. Tsiku lina erythritol akadzasowa, musathamangire maltitol chifukwa chotchipa, poti amakweza shuga m'magazi. Xylitol amatsekemera bwino, koma amapha agalu ngakhale wochepa, ndipo zotsekemeretsa za mtundu umenewu zikachuluka zimatsegula m'mimba. Kasitomala ayenera kuuzidwa zimenezi pa lebulo.

Mawu akuti "chabwino kwa odwala shuga" achotseni. Inu mukudziwa chimene mukutanthauza, koma wogula wina adzawerenga kuti akhoza kudya bokosi lonse, winanso kuti ndi mankhwala. Kambulu kamodzi ka muyezo uja kali ndi sitalichi ndi shuga zosafika magalamu awiri, koma kali ndi mafuta ambiri, ndipo thupi la wodwala aliyense limayankha mosiyana malinga ndi mankhwala amene akumwa. Tsiku limene mmodzi adzadwale atadya katundu wanu, kaya chifukwa chake ndi china, dzina lanu ndi limene lidzayende m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi. Bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission limalandiranso madandaulo a malonda osocheretsa ogula. Wofunsa muuzeni zimene zilimo, ndipo mumulimbikitse kukaonetsa lebulo kwa dokotala kapena namwino wake. Mayi anu omwe akatchule timibuluti pa tsiku lawo la sikelo ya shuga.

Mukafuna kuti katundu wanu alowe m'masitolo, mudzafunika kulembetsa dzina la bizinesi ku boma, kupeza chilolezo cha khonsolo ya mzinda, kuyezetsa thanzi ngati wokonza zakudya, ndi satifiketi ya Malawi Bureau of Standards. Pitani mukafunse ndondomeko ndi mitengo yake pano mukadali wamng'ono, kuti mudziwe zimene zikufunika pa khitchini ndi pa lebulo musanasindikize masitika ambiri.

Pa K300,000 muli nayoyo, tulutsani yosapitirira K100,000. Gulani sikelo ya digito yoyeza magalamu, chifukwa kuyeza ndi supuni kumapangitsa mphika wa lero kusiyana ndi wa mawa ndipo simungadziwe mtengo weniweni. Gulani zosakaniza za miphika inayi, mabokosi ochepa ndi kabokosi kozizira. Zikombole zisiyeni, timibulu timaumbidwa ndi manja ovala magulovu. Ndalama yotsalayo ikhale pa akaunti yakeyake, yosasakaniza ndi ya ndiwo. M'kope lembani dzina la wogula aliyense, tsiku ndi mabokosi amene watenga. Pakatha miyezi itatu muwerenge amene agula kawiri kapena kuposa osawakumbutsa. Akakhala kuti akukwana kutenga miphika iwiri sabata iliyonse, gulani kilogalamu zingapo za erythritol nthawi imodzi kuti ya basi igawikane, ndipo firiji muyambe kuisungira kuchokera m'phindu. Akakhala atatu kapena anayi okha, pitirizani kupangira mayi anu ndi anthu amenewo pa mtengo wobweza zonse mwalowetsa, ndipo K200,000 ija ibwerere ku gulu ikabereke.